Mafunso 2,087 amene sanayankhidwe

Mu laibulale ya Vernadsky mumzinda wa Kyiv amasunga masilinda a phula opitirira 1,000, ojambulidwamo nyimbo ndi mapemphero a Ayuda. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2005. Akale kwambiri mwa iwo anachokera pa ulendo wa munthu amene pa unyamata wake anafulatira Chiyuda.

Shloyme Zanvl Rappoport, wodziwika ndi dzina lolembera la S. An-sky, anabadwa mu 1863 kufupi ndi Vitebsk, ku Belarus wa lero. Anasiya sukulu ya chipembedzo, nakakhala pakati pa alimi ndi ogwira ntchito m'migodi a ku Russia, kenaka anakhala mlembi wa Pyotr Lavrov, wolimbana ndi ulamuliro wa mafumu a ku Russia, ku Paris. Atabwerera kwawo mu 1905 anazindikira kuti anali atatha zaka zambiri akumvera nthano za anthu ena, za kwawo zikutha ndi agogo amene ankazidziwa. Achinyamata ankathawira ku America ndi m'mizinda ikuluikulu, ndipo wofunsa nkhalamba panalibe.

Kuyambira 1912 mpaka 1914, ndi ndalama za banja la Gintsburg, anayenda m'timatauni ta Ayuda ta ku Volhynia ndi Podolia, madera a ku Ukraine wa lero. Anapita ndi katswiri wa nyimbo Yoel Engel komanso wojambula zithunzi Solomon Yudovin. Ankaika makina ojambulira mawu patebulo, nkhalamba n'kuweramira pa lipenga lake n'kuimba, singano ikukanda phula. Ankalemba nthano, kujambula masunagoge a matabwa ndi miyala ya pamanda, kugula mabuku akale a m'mudzi, zithumwa ndi ziwiya za mapemphero zimene eni ake ankaziona ngati zotha ntchito.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi kabuku ka mafunso kamene anakonza ndi ophunzira ake m'chiyankhulo cha Yiddish, chimene Ayuda a kumeneko ankayankhula. Mafunso ake ndi 2,087. Amayamba munthu asanabadwe, pofunsa zimene anthu amakhulupirira za mzimu usanalowe m'thupi, n'kutsata pakati, azamba, maseŵera a ana, sukulu, chinkhoswe, ukwati, matenda, kusambitsa maliro, mpaka kuuka kwa akufa. Wolemba mafunso otere ayenera kuti mayankho ambiri ankawadziwa kale. Chimene ankafuna n'chakuti mudzi uliwonse unene m'mawu akeake mmene umachitira, ndipo ulemu wotere kwa anthu wamba ndi wosowa ngakhale lero.

Mayankhowo sanabwere. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka mu 1914 kabukuko kasanagawidwe, ndipo madera omwewo anasanduka bwalo la nkhondo. An-sky anasiya kutolera nthano, nayamba kupereka chithandizo kwa Ayuda a ku Galicia, dera limene lero lili ku Poland ndi ku Ukraine, amene asilikali ankawathamangitsa m'nyumba zawo. Midzi imene inapulumuka nthawi imeneyo inadzafafanizidwa ndi chipani cha Nazi patapita zaka zosakwana 30. Nyumba yosungiramo zinthu zimene anatolera, ku Leningrad (St. Petersburg wa lero), boma la Soviet linaitseka mu 1929, katunduyo n'kumwazikana.

Iye mwini anathawa a Bolshevik, amene analanda boma la Russia, namwalira ku Poland mu Novembala 1920. Seŵero lake la The Dybbuk, lonena za mtsikana wogwidwa ndi mzimu wa mnyamata amene anayenera kumukwatira, analiumba ndi zimene anamva paulendo uja. Sanaliwone pabwalo. Gulu la Vilna Troupe linaliseŵera koyamba ku Warsaw mu Disembala 1920, atangotha masiku 30 a maliro ake monga mwa mwambo wa Chiyuda.