Girayinda si mankhwala a dzimbiri

Tikakumana ife osonkhanitsa malupanga ndi mipeni, sipalephera munthu wobwera ndi chitsulo chong'anima ngati sipuni yatsopano, n'kumati, "Ndachikonza." Simunachikonze, abale anga. Pa zaka zoposa 20 zimene ndakhala ndikusamalira zitsulo zakale kuno ku Lusaka, zimene ndaona zitathedwa ndi dzimbiri n'zochepa poyerekeza ndi zimene zinathedwa ndi girayinda ndi sandipepa.

Dzimbiri lilipo la mitundu iwiri. Lofiira, lotsalira ku chala ngati fumbi la njerwa, ndi lamoyo ndipo likudya chitsulo. Lakuda losalala lija linakhazikika kale, limateteza, ndiponso ndi umboni wa zaka. Limenelo musalikhudze.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi wina wa ku Chilenje. Anabwera ndi lupanga atalikulunga m'chitenje. Agogo awo aamuna anali msilikali wa Northern Rhodesia Regiment, ndipo m'banjamo ankati lupangalo anapatsidwa ndi mkulu wawo wachizungu. Nditangogwira chigwiriro chake, chokutidwa ndi chikopa cha nsomba ndi kukulungidwa waya, ndinadziwa kuti ndi la mtundu wa 1897 la akuluakulu a asilikali oyenda pansi a Britain. Pa chotchingira dzanja panali chizindikiro cha mfumu George V, amene analamulira kuyambira 1910 mpaka 1936. Mtima unandigunda. Ndinalitembenuza kuti ndione pamsana, chifukwa kampani yopanga malupanga ya Wilkinson inkadinda nambala pamenepo kuyambira 1854, ndipo mabuku ake olembamo manambalawo alipobe, nthawi zambiri ndi dzina la amene anagula lupangalo.

Pamsana panali pa mbee. Mizere ya girayinda yokhayokha, ndi mawanga obiriwira pamene chitsulo chinapsa n'kufewa. Maluwa ndi dzina la wopanga, zimene amazilemba ndi asidi mosazama n'komwe, zinali zitapita. Kunatsala kadzenje pamene pankakhala kandalama kamkuwa pakati pa nyenyezi ya nsonga 6.

Mwana wa mayiwo ndiye anapita nalo kwa owotcherera zitsulo, kufuna kuti liwale pa tsiku lovundukula chiliza cha agogowo. Anachita mwa chikondi, ndipo sindimuimba mlandu. Mayiwo anandifunsa, "Nanga bambo, simungabwezeretse nambalayo?" Ndinayankha kuti, "Mayi, chitsulo chimene chinali ndi nambala chinasanduka fumbi." Anakhala chete nthawi yaitali, dzanja lili patsaya. Anali atabwera kudzamva dzina la munthu amene agogo awo anayenda naye ku nkhondo.

Zofunika kuchita si zambiri. Pakani mafuta a makina osokera pa dzimbiri lofiiralo, musiye masiku awiri kapena atatu, kenako pukutani ndi nsalu. Likakakamira, palani pang'onopang'ono ndi kachidutswa ka mkuwa, chifukwa mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo. Mukatha pakani phula lopyapyala; ife timagwiritsa ntchito Renaissance Wax, lomwe linapangidwira ku British Museum. Mafuta ophikira ayi, amavunda n'kusanduka ulimbo.

Koma chenjerani ndi "akatswiri" amene achuluka masiku ano pa Facebook ndi pa WhatsApp. Wina akuuzani kuti muviike beneti yanu ya 1907 (mpeni woika kutsogolo kwa mfuti) mu viniga usiku wonse, wina akuti asidi wa m'batire. Mudzaitulutsa yotuwa, yodzaza timabowo, korona ndi mwezi ndi chaka zimene zinadindidwa pafupi ndi chigwiriro zitafufutika. Omwewo ndi amene amakwirira mipeni yatsopano m'dothi lonyowa ndi mchere kuti aigulitse ngati ya nkhondo ya 1914, kapena kujambula mafunde ndi asidi n'kumati ndi Damascus, chitsulo chotchuka chija chokhala ndi mizere ngati mafunde. Munthu akakulonjezani kuti lupanga la zaka 100 lioneka latsopano pofika mawa, nyamulani katundu wanu muzipita. Akakuuzani kuti akugulirani nthungo ya Angoni kapena nkhwangwa ya makolo kuti aitumize kunja mwakachetechete, dziwani kuti chinthu cha mbiri chopangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito m'Zambia isanafike 1 January 1924 sichituluka popanda chilolezo cha bungwe la boma losamalira zinthu zakale la National Heritage Conservation Commission.

Enanso mumalakwira mbali ina: mumaopa kukhudza, n'kusiya lupanga m'chimake kunsi kwa bedi. Chikopa chimamwa chinyezi, ndiponso mankhwala ofufutira chikopacho amadya chitsulo. Mvula ikayamba mu November mpaka April, kadontho kofiira kamene mukukaona lero kamakhala kataboola dzenje limene ngakhale ine sindingalitseke. Litulutseni m'chimake sabata ino. Ngati lakanirira musalikoke ndi mphamvu kapena kulimenya ndi hamala. Bwerani nalo momwemo, musanalipake chilichonse.