Kuona nyama mumdima: zofunika pogula chipangizo cha thermal chotsika mtengo

Mlenje aliyense amene amabwera kudzandifunsa za zipangizo zoonera nyama usiku amayamba ndi funso limodzi: "Kodi chimenechi chimaona patali bwanji?" Ndimamumvetsa, poti pabokosi amalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti mamita 1,000 kapena 1,300. Koma nambala imeneyi yasocheretsa anthu ambiri, ndipo munthu akanyamula mfuti, kusochera kotere kungaphetse munthu mnzake.

Chipangizo cha thermal sichidalira mwezi kapena tochi. Chilichonse chofunda chimatulutsa cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa infrared, ndipo sensa ya m'kati mwa chipangizochi imamva chezacho n'kuchisandutsa chithunzi. Gwape ataima pa udzu wozizira amawala ngati khala la moto, kaya ndi mumdima wa ndiweyani kaya masana. Apa mpamene chimasiyanirana ndi zija za night vision, zimene zimangokulitsa kuwala kochepa komwe kulipo kale.

Mtunda wolembedwa pabokosi uja ndi woti chipangizo chikuuzeni kuti apo pali chinthu chofunda, basi. Kawirikawiri amauwerengera pa chinthu chachitali ngati munthu wamkulu, pafupifupi mamita 1.8. Mu 1958 John Johnson, katswiri amene ankagwira ntchito ndi asilikali a ku America, anasonyeza kuti kuona kuti pali chinthu, kuzindikira mtundu wake ndi kuchidziwa bwinobwino ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo opanga zipangizozi amatsatirabe mfundo zake. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Timadontho tiwiri tokha tikwanira kuti muone kuti pali kanthu. Kuti munene kuti ndi cha miyendo inayi osati munthu, pamafunika pafupifupi 8. Kuti mutsimikize kuti ndi nguluwe osati galu kapena mwana wa ng'ombe, pamafunika topitirira 12. Choncho nambala ya pabokosi muziigawa ndi 6: chipangizo cholembedwa mamita 1,200 chingakuthandizeni kudziwa chimene mukuona pa mamita 200 okha, ndipo nyama ikakhala yaing'ono mtundawo umafupikanso.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Zipangizo zambiri zotsika mtengo masiku ano zili ndi mapikiselo otalika ma micron 12 pa sensa (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000). Chipangizo chotere chikakhala ndi lenzi ya mamilimita 25, kadontho kamodzi kamaphimba pafupifupi masentimita 5 pa mtunda wa mamita 100, ndi masentimita 24 pa mamita 500. Nyama imene thupi lake ndi masentimita 60 kuchokera pamsana kufika pamimba idzadzaza timadontho 12 pa mamita 100, koma pa mamita 500 idzangokhala timadontho tiwiri kapena titatu. Kadontho koyera kotero kangakhale mbawala, kangakhalenso munthu wowerama akutola nkhuni. Ine sindivomereza kuti munthu aloze mfuti pa kadontho, ngakhale chipangizo chake chitakhala chodula motani.

Ndalama zanu zipite ku zinthu ziwiri: sensa ndi lenzi. Sensa ya 160x120, kutanthauza timadontho 160 m'litali ndi 120 m'lifupi, ndi yabwino pofufuza nyama yovulala imene yagwera pafupi, koma posaka imagwiritsa mwala. Poyambira penipeni ndi 256x192. Ngati thumba likulola kuwonjezera pang'ono, tengani 384x288, chifukwa ili ndi timadontho 110,592 pamene inzakeyo ili ndi 49,152 yokha, ndipo kusiyanako kumaoneka ndi maso. Ya 640x512 ndi yokongola kwambiri, koma mtengo wake umalumpha, ndipo mlenje amene nyama zake amaziona pa mamita osapitirira 200 sadzaisowa.

Lenzi ya chipangizochi si galasi wamba ayi. Amaipanga ndi germanium, chifukwa galasi wamba limatchinga cheza chija. N'chifukwa chake simungaone kanthu kudzera pa windo la galimoto lotseka, ndiponso n'chifukwa chake lenzi ikakula mtengo umakwera. Lenzi yaitali, ya mamilimita 35 kapena 50, imakokera zinthu pafupi koma imaona malo ochepa, ngati mukusuzumira m'paipi. Pamalo a chidikha opanda mitengo ndi yabwino. M'nkhalango yowirira nyama ingadutse pambali panu inu osaiona, ndiye kumeneko lenzi ya mamilimita 19 kapena 25 ndiyo yothandiza. Za zoom yolembedwa 4x kapena 8x musazilabadire: imangotupitsa timadontho tomwe tija popanda kuwonjezerapo kanthu.

Pali nambala ina imene ambiri amaidumpha, yotchedwa NETD, yolembedwa ndi zilembo za mK. Imanena za kusiyana kochepetsetsa kwa kutentha kumene sensa ingamve, ndipo ikachepa ndiye bwino. Usiku wouma, wozizira, chipangizo chilichonse chimaonetsa bwino. Koma mvula ikangokata, kapena kukachita nkhungu, mitengo, udzu ndi nthaka zimafanana kutentha ndipo chithunzi chimangoti mbuu. Pamenepo cha 25 mK chimaonetsabe nthambi ndi njira pamene cha 50 mK chafooka. Sankhani chosapitirira 40. Onaninso liwiro la chithunzi: cha 9 Hz, chimene chimasintha chithunzi ka 9 kokha pa sekondi, chimadumphadumpha mukamatembenuka, mpaka mutu kuwawa, pamene 25 kapena 50 Hz imayenda bwino.

Zotsalazo n'zosavuta. Batire yochotseka, monga ya 18650, imaposa yomatiramo chifukwa mumanyamula ina yapadera. Chizindikiro cha IP67 chikutanthauza kuti fumbi ndi mvula sizilowa. Funsani za waranti ndi komwe chingakonzedwe chikawonongeka. Makampani monga Pulsar, HIKMICRO, InfiRay, AGM ndi FLIR ali ndi zazing'ono zogwira m'manja. Wi-Fi, kujambula vidiyo ndi mitundu yambirimbiri ya chithunzi sizinaonetsepo munthu nyama imene sensa yalephera kuiona.

Mukagula, musadabwe kumva kuti "tche" chithunzi n'kuima kamphindi. Chipangizo chikudziwongola chokha, sichinawonongeke. Dziwaninso kuti mwala kapena chitsa chimene chawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse chimawala madzulo ngati nyama yogona, kuti chipangizochi sichiboola tchire lowirira, ndipo nyanga sizioneka bwino chifukwa sizifunda ngati thupi. Musachiloze padzuwa, sensa ingapse.

Musanatulutse ndalama, fufuzani malamulo a kwanu. Mayiko ambiri amaletsa kusaka usiku, ena amalola chogwira m'manja chofufuzira koma amaletsa chomangirira pamfuti, ndipo chilolezo chosakira sichitanthauza kuti zonsezi n'zololedwa. Kenako pemphani wogulitsa kapena mnzanu amene ali nacho kuti mukachiyese kunja kutada. Wina aime ndi galu pa mamita 100, asunthire pa 200, kenako pa 300, nthawi zina ataima, nthawi zina atanyonyomala. Pamene mwayamba kukayika kuti munthu ndi uti, galu ndi uti, bwererani m'mbuyo pang'ono: umenewo ndiwo mtunda weniweni wa chipangizocho.