Spider-Man sagulidwa kwa dobadoba

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, wina pa WhatsApp, wina pakhomo la tchalitchi, wina mu ofesi. Onse akufuna kutsegula malo osewerera ana, okhala ndi jumping castle, makatungwe ndi anyamata ovala ngati ngwazi za m'mafilimu, ndipo onse akuyankhula mofanana: "A loya, chovala cha Spider-Man ndaitanitsa ndekha kunja, risiti ndili nayo, ndiye vuto lili pati?" Vuto lilipo, ndipo ndatopa kulifotokozera munthu mmodzimmodzi. Chomwe mwagula ndi nsalu. Ufulu wopangira ndalama pa dzina ndi nkhope ya Spider-Man uli ndi eni ake, ndipo risiti ya sitolo siukhudza n'komwe.

Amene amaganiza kuti ndikukokomeza ndimawauza za Disney. Mu 2009 kampaniyi inagula Marvel yonse, kampani ya mabuku a zithunzi yomwe inapeka Spider-Man, pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni. Spider-Man, Hulk, Iron Man, Captain America, onse analowa m'khola lake. Komabe mpaka lero, mukapita ku Walt Disney World ku Florida, malo ake aakulu kuposa onse, simupezako chokwera cha Spider-Man. Chili kwa mpikisano wake, Universal, mu mzinda womwewo wa Orlando. Mwini ng'ombe akuonerera mnzake akukama.

Chinachititsa ndi pepala limodzi. Mu 1994, Marvel isanakhale chimphona cha mafilimu chomwe tikuchidziwa lerochi, inasainirana mgwirizano ndi MCA, kampani yomwe panthawiyo inali mwini wa Universal. Mgwirizanowo unapatsa Universal ufulu wogwiritsa ntchito ngwazi za Marvel m'malo ake a zisangalalo, ndipo kum'mawa kwa mtsinje wa Mississippi ku America, komwe kuli Florida, palibe malo ena a zisangalalo ololedwa kugwiritsa ntchito ngwazi zomwe Universal yatenga, pamodzi ndi zinzake za m'gulu lomwelo. Choopsa kwambiri, ndipo apa ndi pomwe ndimafuna aliyense wosaina mapepala amvetsere, n'chakuti mgwirizanowu sanauikire tsiku lothera. Bola Universal ikulipira komanso ikusamala malowo molingana ndi zomwe anapangana, ufuluwo ndi wake. Mu 1999 inatsegula malo a zisangalalo a Islands of Adventure ku Orlando, momwe muli chigawo cha Marvel Super Hero Island, chokwera cha Spider-Man ndi sitima yothamanga panjanji zokhotakhota ya Hulk. Disney pogula Marvel inagula ndi ngongole ya lonjezoli. Wogula munda amaupeza ndi malire omwe mwini wakale anagwirizana ndi anansi.

N'chifukwa chake Avengers Campus, chigawo cha ngwazi za Marvel chomwe Disney inatsegula mu 2021, ili ku California, kumadzulo kwa Mississippi, ndipo inzake inatsegulidwa ku Paris mu 2022. Chokwera cha Iron Man chinayambira ku Hong Kong mu 2017. Ku Florida Disney inangokwanitsa kuikako chokwera cha Guardians of the Galaxy mu 2022, chifukwa gulu limenelo silili m'manja mwa Universal. Ndiye onjezerani ichi: ufulu wopanga mafilimu a Spider-Man uli ndi Sony kuyambira 1999. Ngwazi imodzi, koma mabuku ali kwina, mafilimu kwina, zokwera za ku Florida kwina, ngati mbuzi ya pamwambo yomwe mutu wapita kwa amfumu, mwendo kwa ankhoswe. Munthu yemwe ali ndi mwendo sangakugulitseni mutu. Kumbali ya Batman ndi Superman nakonso n'chimodzimodzi: eni ake ndi Warner Bros., koma zokwera zambiri za maina awo ku America zili m'malo a Six Flags, omwe amalipira laisensi.

Tsono ngati kampani yomwe inalipira madola 4 biliyoni ikulephera kuika ngwazi yakeyake pamalo akeake, zingatheke bwanji kuti bambo wovala jekete, wokumana nanu pamalo oimika magalimoto, akugulitseni ufuluwo m'envulopu?

Funsoli sindikulifunsa mwachipongwe. Ndinaona zikuchitika, ndipo nkhaniyo imandisowetsabe tulo. Mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito, anatenga ndalama zake za penshoni n'kuonjezera ngongole kuti amange malo osewerera ana pa puloti yake. Maganizo anali abwino zedi. M'dera lawo ana analibe kopita Loweruka, ndipo mayiyo ana ankawadziwa bwino, wakhala nawo moyo wake wonse. Asanayambe kumanga anandiimbira foni kufunsa kuti kuonana ndi loya ndi ndalama zingati. Nditawauza anati aganize kaye. Sanabwere. M'malo mwake wina anawalozera kwa bambo wina yemwe ankati ndi nthumwi ya makampani a mafilimu a ku America m'chigawo chino cha Africa. Bamboyo analandira ndalama kawiri, yoyamba ya "kulembetsa", yachiwiri ya "chilolezo cha zaka zisanu", n'kuwapatsa satifiketi ya malire agolide, ya chidindo chofiira.

Mayi aja anakhulupirira, ndipo anathira zonse. Pageti anaumbitsa Spider-Man wa simenti wamtali kuposa munthu. Makoma anajambulitsa Hulk ndi Black Panther. Anasoketsa mayunifolomu, anadinditsa matikiti ndi matisheti, dzina la malowo analitenga ku filimu. Patapita miyezi, kampani ina inafuna kubweretsa ana a antchito ake kudzasangalala, bizinesi yomwe ikanabweza gawo lalikulu la ngongole ija. Maloya a kampaniyo anapempha kuona laisensi. Ataiona anabweza mgwirizano tsiku lomwelo. Posakhalitsa tsamba la malowo pa Facebook, momwe makasitomala ambiri ankadzera, linatsekedwa chifukwa cha dandaulo la umwini. Apo ndi pomwe anafika ku ofesi kwanga, satifiketi ili mu pepala lapulasitiki kuti isade.

Ndinaiyang'ana kwa mphindi imodzi yokha. Dzina la kampani linali lolembedwa molakwika. Adiresi ya imelo inali ya Gmail. Pepala lomwelo linkapereka Spider-Man ndi Batman limodzi, ngwazi za makampani awiri opikisana. Anandifunsa kuti, "Mwanangu, ndiye kuti palibe chomwe ndagula?" Ndinayankha kuti, "Amayi, palibe." Anakhala chete nthawi yaitali, akusisita pepala lija pabondo. Nambala ya bambo uja inali itasiya kale kupezeka. Tinakadandaula kupolisi, koma ndalama zoperekedwa pamanja, popanda mboni, kwa munthu yemwe dzina lake lenileni silidziwika, kuzilondola n'kovuta. Chimandipweteka n'chakuti funso limodzi, lofunsidwa tsiku lija anaimba foni, likanateteza zonsezi. Makolo anati safunsa anadya phula, koma ine mwambiwu sindiunena moseka, chifukwa ndinaona nkhope ya wodya phulayo.

Choncho mvetserani. Makampani awa sagulitsa ziphaso kudzera mwa madobadoba. Ali ndi nthambi zoona za malaisensi, amafufuza yemwe akufuna kugwira naye ntchito, amafuna kuona mapulani, inshuwalansi ndi chitetezo cha ana, ndipo mgwirizano wake umakhala wa masamba ambiri wonena ngwazi iti, dziko liti, ntchito yanji, kwa nthawi yaitali bwanji. Amayang'anira ngakhale mtundu wa penti. Munthu akakuuzani kuti akupezerani zonsezi pa sabata imodzi, ndi wakuba. Akakuuzani kuti musauze loya chifukwa achedwetsa zinthu, ndi wakuba. Akafuna ndalama pa foni yake kapena pamanja, osati ku akaunti ya kampani, dzukani muzipita. Ndipo musanyengedwe ndi chidindo. Chidindo amasema pamsika.

Palinso zonamizira zitatu zomwe ndimamva kawirikawiri. Ena amati, "Ndinalipira ku COSOMA," bungwe loona za umwini wa ntchito za luso. Mwachita bwino, pitirizani kulipira, koma chiphaso choimbira nyimbo pamalo anu sichikupatsani nkhope ya Iron Man pageti. Ena amati Black Panther ndi wathu chifukwa nkhani yake ndi ya mu Africa. Wakanda ndi dziko lopeka, ngwaziyo inapangidwa ku America mu 1966 ndi Stan Lee ndi Jack Kirby, ndipo mwini wake ndi Marvel. Ena anamva kuti Mickey Mouse tsopano ndi waulere. Chomwe chinamasuka ku America pa 1 Januwale 2024 ndi kafilimu ka 1928 ndi maonekedwe a Mickey a nthawi imeneyo basi. Chizindikiro cha malonda sichitha ndi zaka ngati mwini akuchigwiritsabe ntchito. Spider-Man ndi wa 1962, ulendo wake ukadali wautali.

Chonamizira chachikulu ndi chakuti kuno n'kutali, sangatione. N'zoona kuti sukulu za mkaka zambiri zili ndi zithunzi zotere pamakoma ndipo palibe wawagogodera. Sindikunamizani kuti mawa kubwera maloya a ku California. Koma Malawi ali mu mgwirizano wa Berne kuyambira 1991, kutanthauza kuti ntchito za luso zakunja zimatetezedwa kuno monga momwe nyimbo za oimba athu zimayenera kutetezedwera kunja, ndipo tili ndi lamulo la Copyright la 2016. Komanso Disney imadziwika kuti sinyozera zazing'ono. Mu 1989 inalamula sukulu zitatu za mkaka ku Hallandale, ku Florida, kuti zifute zithunzi za Mickey ndi anzake pamakoma, ndipo zinafutadi. Masiku ano safunika kukwera ndege kuti akuoneni, inuyo ndi amene mumaika zithunzi pa intaneti. Ndipo monga zinawachitikira mayi aja, nthawi zambiri amene amakugwetsani si mwini ngwazi. Ndi banki yomwe ikufuna mapepala, kampani yomwe ikuopa kuipitsa dzina lake, kapena mnzanu wa bizinesi yemwe wakadandaula. Vutoli limadikira mpaka mutakula, pomwe muli ndi zambiri zotaya.

Mwana wanu kuvala Spider-Man pa tsiku lake lobadwa si nkhani, musaope. Nkhani imayamba pomwe mwaika mtengo pageti.

Ndikawauza anthu zimenezi amafunsa kuti nanga ana tiwakope ndi chiyani. Lembani ntchito wojambula, ndipo achinyamata aluso alipo ambiri, akupangireni ngwazi yanuyanu. Ku Zambia, Malenga Mulendema anapeka atsikana anayi a mu Lusaka, ndipo mu 2023 Supa Team 4 inaonetsedwa pa Netflix. Zimatheka. Koma pano naponso osathamanga. Wojambulayo asaine pepala lonena kuti ufulu wa chithunzicho waupereka kwa inu, chifukwa kumulipira kokha sikuthetsa mkangano tsiku lomwe chithunzicho chidzayambe kubweretsa ndalama. Dzina ndi chizindikiro mukalembetse musanadinde tisheti ngakhale imodzi. Mukafuna kutenga za m'nthano zathu, Kalulu, Fisi kapena Kamdothi, kafunseni kaye ku COSOMA, chifukwa lamulo lathu limatetezanso za chikhalidwe zikamagwiritsidwa ntchito pa malonda. Ndipo kumbukirani Marvel ya 1994: musasaine chilichonse chopanda tsiku lothera.

Ngati mwalipira kale munthu wotere, musadikire kuti muone ngati zikhala bwino. Sungani mameseji onse, manambala a foni ndi umboni wa ndalama, lekani kumutumizira zina ngakhale akuopsezeni, imitsani amisiri, ndipo pepalalo mupite nalo kwa loya sabata ino. Tsiku lililonse lomwe mukuchedwa mukuthira simenti ina pa chinthu chomwe mudzagumule.

Mayi aja malo awo sanatseke. Tinasintha dzina, makoma anapakanso penti, ndipo mdzukulu wawo anajambula kalulu wovala chipewa yemwe tsopano ali pa matikiti. Ngongole akubwezabe, pang'onopang'ono, ndipo penshoni ija sinabwerere. Spider-Man wa simenti anakanika kumuphwanya, akuti mtima sukulola. Anamugwetsa ndi zingwe, anyamata asanu ndi mmodzi, n'kumukokera kuseri kwa nyumba, komwe wagona chafufumimba atafunditsidwa lona.