Dongo likamang'aluka pouma, madzi amakhala akuchita chiyani mkatimo?

Tisanafike ku dongo, tiyambe ndi khofi. Dontho la khofi likauma patebulo limasiya mkombero wakuda m'mphepete, pakati pali poyererako. Robert Deegan ndi anzake ku University of Chicago anazifotokoza mu 1997, madzi amasanduka nthunzi mwachangu m'mphepete koma m'mphepetemo dontho lakakamira tebulo silibwerera m'mbuyo, ndiye madzi apakati amathamangira kunja kukalowa m'malo mwa omwe apitawo atanyamula tizidutswa tonse ta khofi.

Koma zosangalatsa kwambiri kwa ife a mu labu zimachitika madziwo akapanikizika. Timathira madzi osakaniza ndi tizidutswa ta silica (chinthu chomwe chimapanga mchenga) pakati pa magalasi awiri, mpata wake mwina 0.1 mm basi, mbali imodzi yokha ndi yotsegula. Nthunzi ilibe kwina kotulukira, ndiye madzi onse amalowera kukamwa komweko, tizidutswa timaunjikana pamenepo n'kupanga kachikhoma kothinana komwe kamakula kulowera mkati. Apa ndi pomwe pagona nkhani, madzi otsalawo akuyenerabe kudutsa m'timipata ta kachikhomako kuti akafike kunja, ndipo kakamatalika kudutsako kumavutiravutira, lamulo lake ndi lomwe lija Henry Darcy anapeza mu 1856 ku Dijon, mzinda wa ku France, podutsitsa madzi mumchenga.

Chomwe chimakoka madziwo ndi timadzi ta kukamwa kwa timipatato, kampata kakachepa kukokako kumakula. Pa timipata ta ma nanomita 10 (nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1 miliyoni) mphamvu yake imaposa ka 100 ya mpweya wotizungulirawu, si masewera ayi. Imafinya tizidutswa kuti tifupike, galasi likukana poti tamamatira, mapeto ake kung'aluka. Asayansi Allain ndi Limat ku France anaonetsa mu 1995 kuti ming'aluyo siibwera mwachisawawa, imatalikirana mofanana, ndipo mpata wa magalasi ukakula nayonso imatalikirana kwambiri.

Anthu amati dzuwa ndi lomwe limaswa dongo, ine ndimati dzuwa limangofulumizitsa. Owumba njerwa amazifunditsa udzu zikangochoka m'chikombole, mwina osadziwa za Darcy koma akulondola, pamwamba pakauma msanga kuposa momwe madzi amkati angayendere kudzafika pamwambapo, khungu la njerwa limafupika mkati mukadali mofufuma ndiye limang'ambika. Udzuwo umachedwetsa nthunzi kuti madzi amkati azifika pa nthawi yake. Opanga penti, matailosi ndi inki ya pulinta amalimbana ndi vuto lomweli, iwowo amasintha kukula kwa tizidutswa kapena kuthiramo mankhwala oti madziwo aziuma pang'onopang'ono.