Mapu a Lilongwe ndi anthu amene sanalembedwepo

Area 24 ili kummwera kwa mzinda, kufupi ndi Ngwenya, pomwe Area 25 ili kutali kumpoto, kupitirira Kanengo. Manambalawa sanatsate dera, anatsata nthawi imene malowo ankadulidwa pa mapu. Izi zokha zikuonetsa kuti Lilongwe anayambira papepala, anthu n'kubwera pambuyo. Mikangano ya lero ya amene angamange pati, msika ukhale kuti, nyumba iti igwetsedwe, inamera pamenepo.

Dr Kamuzu Banda atatsimikiza zochotsa likulu ku Zomba, Britain inakana kuthandiza. Ndalama zinachokera ku boma la tsankho la South Africa, ngongole ya maranti 8 miliyoni, ndipo akatswiri ojambula pulani anachokeranso komweko. Mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, CCDC, lopatsidwa mphamvu yotenga malo, kudula mapuloti ndi kumanga. Nthawi imeneyo Lilongwe anali katauni ka anthu osakwana 20,000. Midzi imene inali pamalo osankhidwawo inasamutsidwa. Kufunsa anthu maganizo kunalibe, ndipo mu ulamuliro wa chipani chimodzi ndani akanaimika dzanja kutsutsa?

Pulaniyo inalekanitsa zonse. Maofesi a boma pa Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, malonda akale ku Old Town, pakati pake nkhalango ndi madambo. Anthu nawonso anawasanja malinga ndi thumba. Mabwana anapatsidwa mapuloti aakulu ku Area 10 ndi Area 43, pafupi ndi ntchito. Wolandira zochepa ankapatsidwa kapuloti kumalo ngati Area 25, kuti adzimangire yekha, kutali ndi kumene amagwira ntchito. Wa galimoto anagonekedwa pafupi, woyenda pansi anakankhidwira kumapeto. Likulu linasamuka mu 1975, CCDC inathetsedwa mu 1984, ndipo malo a mumzinda anagawikana m'manja mwa unduna wa za malo, Malawi Housing Corporation ndi khonsolo. Mpaka lero wofuna puloti amazungulira maofesi mpaka nsapato kutha.

Mu 1986 kunatuluka ndondomeko yatsopano ya kagwiritsidwe ntchito ka malo, imene inakulitsa malire n'kulowetsamo Area 56 ndi 57, kumene kuli Mtandire ndi Chinsapo. Inayenera kugwira ntchito mpaka 2000. Chakacho chinafika n'kudutsa, ndondomeko osakonzedwanso chifukwa ndalama ndi akatswiri zinali zosowa.

Anthu sanadikire. Kalembera wa 1998 anapeza anthu oposa 440,000, wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Ambiri mwa iwo puloti sanaipeze ku khonsolo. Anapita kwa mfumu. Malamulo amati mfumu ilibe ulamuliro mkati mwa mzinda, koma ku Mtandire, Mgona kapena Kauma, amene amaloza malire ndi mfumu, mboni zili pomwepo, kakalata ka mgwirizano n'kusainidwa. Mwini malo amaumba zidina pabwalo pomwepo, n'kumanga nyumba yake kutsogolo ndi mzere wa zipinda za lendi kumbuyo. Chimbudzi chimakumbidwa pamene patsala danga, nthawi zina masitepe ochepa kuchokera pachitsime cha mnansi. Njira imatsala yongokwana wilibala, moti maliro akachitika bokosi limanyamulidwa pamapewa mpaka kumsewu. Kunena zoona, pulani imene ikugwira ntchito m'madera ambiri a Lilongwe ndi imeneyi, ngakhale ku ofesi kulibe fayilo yake.

Pulani yaikulu yotsatira inalembedwa mu 2010 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, yoyang'ana mpaka 2030. Misonkhano yomva maganizo inachitika, koma pali chinthu chimene ambiri amaiwala. Makhansala osankhidwa mu 2000 nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo chisankho china sichinachitike mpaka 2014. Ndiye kuti pulani ya zaka 20 inakonzedwa mzinda ulibe ngakhale khansala mmodzi woti mayi wa ku Chinsapo akamugogodere pakhomo.

Mawu a anthu analowera khomo lina. Mu 2003 amayi a ku Mtandire anayamba magulu osunga ndalama amene anakula n'kukhala chitaganya cha anthu osowa pokhala, mothandizana ndi CCODE, bungwe lomwe si la boma. Anayamba kudziwerenga okha nyumba ndi nyumba, kujambula mapu a madera awo, kulemba pamene pali mpopi, ngalande ndi chimbudzi, n'kukatula zonsezo ku khonsolo. Kwa ine, apa ndi pamene kufunsa anthu kunayamba kukhala ndi mano, chifukwa anafika pamsonkhano atanyamula manambala awoawo, osati kudzangoombera m'manja zimene zalembedwa kale.

Lamulo nalo linasintha. Physical Planning Act ya 2016 inalowa m'malo mwa lamulo la 1988, n'kulamula kuti dziko lonse, ngakhale malo a mafumu, lizitsata mapulani. Koma lamulo latsopano linapeza nyumba zitamangidwa kale. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire mpaka asilikali kupulumutsa anthu ndi helikopita. Khonsolo imati m'mphepete mwa mtsinje simoyenera kumangamo, ndipo ikunena zoona. Okhalamo amayankha kuti malowo anagula ndi ndalama zawo, kalata ya mfumu ali nayo, ndipo ena okhala kumipanda ya njerwa zowotcha anamanganso m'madambo koma palibe wawagwedeza. Pulani ya 2010 ikutha mu 2030, ndipo yotsatira idzayenera kunena ngati Mtandire ndi malo ovomerezeka okhalamo anthu kapena ayi.