Nyimbo ikatchula mvula, musathamangire kukajambula mvula

Pafupifupi woimba aliyense wongoyamba kumene amabwera ndi pempho lomwelo. "Pomwe ndikuti mtima wanga wasweka, muonetse galasi likusweka. Pomwe ndikutchula ndalama, muonetse ndalama." Ndajambula ndi kulumikiza mavidiyo a nyimbo kwa zaka zambiri, ndipo pempho limeneli landikwana. Womvera wamva kale kuti mtima wasweka. Makutu ali nawo. Nanga maso ake muwapatsa chiyani chomwe makutuwo sanamve?

Katswiri wina, Andrew Goodwin, m'buku lake la mu 1992 lokamba za mavidiyo a nyimbo, anafotokoza kuti chithunzi chimayenda ndi mawu a nyimbo m'njira zitatu: kuonetsa zomwe mawu akunena, kuzikulitsa powonjezera tanthauzo, kapena kutsutsana nazo dala. Ambiri amangodziwa njira yoyambayo, yomwenso ndi yosauka kwambiri. Nyimbo ya chisoni itha kujambulidwa paphwando, aliyense akuseka koma woimbayo ali duu pakati pawo. Apo owonera amamva kuwawa kuposa mutawaonetsa misozi.

Goodwin anaonanso kuti makampani a nyimbo amaumirira kuti nkhope ya woimba izioneka pafupi, mobwerezabwereza. Si kudzikonda ayi. Vidiyo ndi chotsatsira malonda, ndipo chomwe chikugulitsidwa ndi munthuyo. Kuyambira pomwe MTV, wailesi ya kanema ya ku America yoonetsa mavidiyo a nyimbo, inatsegulidwa mu 1981, lamulo limeneli silinasinthe.

Nkhani yomwe imandivutitsabe maganizo ndi ya mayi wina woimba bwino kwambiri. Nyimbo yake inali yolira bambo ake omwe anamwalira. Asanafike kwa ine anali atapita kwa mnyamata wina wa kamera yokwera mtengo, yemwe anawauza kuti vidiyo yopanda galimoto ndi atsikana ovina anthu saiwonera. Anavomera, analipira, anajambula tsiku lonse. Atabweretsa zithunzizo kuti ndiwakonzere, ndinafufuza zonse osapeza ngakhale pamodzi pomwe nkhope yawo ikuoneka pafupi pa kolasi. Kamera inathera m'chiuno mwa ovina. Katswiri wa mafilimu, Laura Mulvey, analemba za zimenezi mu 1975, ponena za mafilimu: kamera imayang'ana ngati diso la mwamuna, mkazi n'kusanduka chinthu choonerera. Mnyamatayo sanawerengepo Mulvey, anangotengera zomwe amaziona tsiku ndi tsiku, osadzifunsa ngati zikugwirizana ndi nyimbo ya maliro. Mayiwo anandifunsa ngati ndingathe kuchotsa ovinawo. Ndinayesa. Zotsala sizinakwane ngakhale mphindi imodzi.

Ndiye mundimvetse. Miyambo ya mavidiyo ilipo ndipo ili ndi ntchito. Gulu la rock limaoneka likuimba ndi zida zake, nyimbo yovina imafuna ovina, ndipo owonera amazindikira mtundu wa nyimbo ndi maso mawu asanayambe. Katswiri winanso, Carol Vernallis, m'buku la mu 2004, anaonetsa kuti kudula kwa vidiyo ya nyimbo kumaphwanya dala malamulo a filimu: woimba ali m'chipinda, kuphethira kamodzi ali pamsewu, ndipo palibe amene amadabwa chifukwa chomwe chikutsogolera ndi kugunda kwa nyimbo. Koma wodziwa mwambo amadziwanso pomwe ukuyenera kusiyidwa. Wongogula kamera amakhala ndi ndondomeko imodzi ya nyimbo zonse.

Anthu oterewa mungawazindikire msanga. Amakutchulirani mtengo nyimbo asanaimve. Amakamba za dironi ndi malenzi, osakufunsani kuti nyimboyo ikunena za yani. Mukawapempha mavidiyo awo atatu, muona kuti onse ndi amodzi, asintha woimba yekha. Thawani.

China ndi kuchedwa. Oimba inu mumabwera kwatsala masiku anayi kuti nyimbo ituluke, ndiye mukufuna zozizwitsa. Choipitsitsa, ena mumajambula nyimbo isanamalizidwe ku situdiyo, kenako wokonza nyimbo n'kusintha liwiro. Taonani masamu ake: nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi imagunda kawiri pa sekondi, ndipo kamera yojambula zithunzi 25 pa sekondi imakupatsani zithunzi 12 ndi theka pa kugunda kulikonse. Milomo ikangotsalira ndi zithunzi zitatu, owonera amaona kuti china chake chalakwika, ngakhale sangathe kuchitchula. Liwiro likasintha pakati pa nyimbo, ine ndimakhala usiku wonse ndikukoka zithunzi chimodzichimodzi, ndipo nthawi zambiri sizitheka.

Bweretsani nyimbo yomalizidwa, mawu ake olembedwa papepala, kudakali milungu ingapo. Ndikakufunsani kuti pa kolasi owonera azimva chiyani, musandiyankhe kuti galimoto.