Wailesi ya boma si ya chipani cholamula

Ndatopa kumva mawu awa m'minibasi ndi pa bawo: akuti wailesi ya boma ndi ya chipani cholamula, choncho palibe chodabwitsa ikamangotamanda olamula. Ena amawonjezera kuti mtolankhani wa kumeneko akafunsa nduna funso lolasa, ndiye kuti ndi "wa otsutsa".

Maganizowa ndi otsalira a nthawi ya chipani chimodzi, pomwe boma ndi chipani zinali ngati mphika ndi chivundikiro chake. Nthawi imeneyo inatha ndi riferendamu ya 1993 komanso chisankho cha 1994. Ndalama zimene boma limapereka ku wailesiyi ndi misonkho yathu, kuphatikizapo ija mumadula pogula sopo, kaya munavotera ndani. Malamulo a zisankho amanenanso kuti nthawi ya kampeni zipani zonse zimveke pa wailesiyi mosakondera. Sindikuti siinakonderepo, ayi. Koma ikakondera yalakwa, sikuti ndi mmene iyenera kukhalira.

Mukufuna kudziwa ngati ikukondera? Tengani kope ndi cholembera, mumvere nkhani za madzulo sabata yathunthu. Lembani nkhani yoyamba inali ya yani, aliyense anapatsidwa mphindi zingati, ndipo wodzudzulidwa anapatsidwa mpata woyankha kapena ayi. Chitaninso chimodzimodzi ndi wailesi ina, mufananize.

Kakanema ka masekondi 20 kofika pa WhatsApp kokhala ndi mawu oti "onani kukondera" musafulumire kukatumiza kwa ena. Funani kaye pulogalamu yonseyo, mumve funso limene linafunsidwa komanso yankho lonse.